Tsiku Limene a Wendell Anakanika Kuluza

Ndagawa makadi muno mu Las Vegas zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anthu amene ndinawakonda patebulo sakwana zala za dzanja limodzi. Otchova juga ndi anthu otopetsa. Akawina ndi nzeru zawo, akaluza ndi dzanja la wogawa. Koma a Wendell Haskew ndinkawakonda, ndipo ndikanangowasiya osawakonda, bwenzi lero akadali ndi akazi awo m'nyumba.

Anabadwira ku Ely, kumigodi ya kopa. Bambo awo anafa akukhosomola fumbi la mumgodi, ndiye iwo analumbira kuti pansi pa nthaka sadzalowapo ali moyo. Anasankha kumwamba. Zaka makumi atatu ndi zisanu anali pamadenga a anthu, kukonza makina oziziritsa m'nyumba, dzuwa la chipululu likuwawamba pakhosi. Pomwe ankapuma ntchito mawondo anali atatha. Manja awo anali aakulu, a zipsera za malata otentha, moti akagwira makadi awiri amene timagawira wosewera aliyense ankangosowa m'zala.

Akazi awo, a Noreen, ankagwira ntchito kochapira nsalu za m'mahotela. Makina oziziritsa a kumeneko atafa chaka china mu Julaye, amene anatulukira ndi makwerero paphewa anali a Wendell. Anakhala m'banja zaka makumi anayi ndi zinayi, mwana mmodzi, Darla, amene anakwatiwa ku Boise. Kenaka a Noreen anayamba kuiwala. Poyamba zinali zoseketsa, makiyi m'firiji, nsapato mu uvuni. Pambuyo pake anaiwala kuti mbaula imatentha, anaiwala Darla, anaiwala ngakhale dzina la amuna awo. Inatsala ndi nkhope yokha. Wina aliyense akawayandikira ndi supuni ankatseka pakamwa kuti gwa, koma a Wendell akalowa ankati, "Wabwera uja wa makwerero," n'kudya.

A Wendell ndi amene ankawasambitsa, kuwapesa, kuwaveka, ndipo usiku ankagona pampando pafupi ndi chitseko. Masiku awiri okha pa mlungu, Lachiwiri ndi Lachisanu, mayi wina woyandikana nawo, a Ofelia, ankabwera hafu pasiti teni kudzakhala ndi a Noreen. Ankachoka folo koloko osapitirira, chifukwa madzulo ankaphika kumalo ena odyera ndipo basi sidikira munthu. Maola amenewo ndi okhawo amene a Wendell anali nawo a iwo eni. Ankabwera nawo kwathu, ku mpikisano wa poka wa leveni koloko.

Mpikisano wathu si wa anthu oonekera pa kanema ayi. Ndi wa opuma ntchito, oyendetsa matakisi ndi alendo othawa dzuwa. Umapereka madola makumi asanu ndi atatu, timakupatsa mulu wa makobidi adongo wofanana ndi wa aliyense. Makobidi amenewo si ndalama, ngakhale khofi sungagulire. Ndi moyo wako patebulo basi, akatha nawenso watha. Timayamba ndi matebulo khumi, anthu akamatha timaphwasula matebulo mpaka litsale limodzi, ndipo mwa anthu makumi asanu ndi anayi, khumi ndi mmodzi otsiriza ndi okhawo amene amalandira kanthu. Pali msonkho umene aliyense amathira pakati nthawi yake ikafika, afune asafune, ndipo umakwera mphindi makumi awiri zilizonse.

A Wendell ankasewera ngati munthu amene sanaonepo khadi loipa. Chilichonse chimene ndawapatsa ankalowa nacho. Wani koloko isanakwane anali atatha kale, ali pabenchi la kuseri pafupi ndi khomo la antchito, akudya soseji ya m'buledi. Panali wina, Skeeter Voss, woyendetsa takisi wa pakamwa posatseka, amene akangowaona akulowa ankakuwa, "Anyamata, nkhomaliro yafika! Madala, bwerani tebulo lino, ana anga sanadye." A Wendell ankaseka nawo. Amene zinkamupweteka ndinali ine.

Tsiku lina nthawi yopuma ndinatuluka kukasuta fodya, n'kuwapeza pabenchipo.

"Lupe, mwana wanga, dzanja lakolo ukalisambitse," anatero. "Chaka chathunthu osandiponyerako ma eyisi?"

"Dzanja langa lilibe mlandu, madala. Inu ndi amene simudziwa kusewera."

Wogawa saloledwa kuyankha kasitomala chotero. Koma ndinali nditatopa kuona munthu wabwino akudyedwa ndi anthu achabechabe kawiri pa mlungu.

Anasiya kutafuna. "Ndinayamba poka iwe usanabadwe."

"Munayamba kuluza ine ndisanabadwe. Jeki ndi folo munalowa nazo zanji, anthu atatu atathira kale?"

"Zinali zamtundu umodzi."

"Zamtundu umodzi! Mawu amenewo ndi amene tidzakulembereni pamanda."

Anaseka mpaka kutsamwa. Kenaka anapukuta pakamwa, akuyang'ana magalimoto amene ankanyezimira padzuwa.

"Ndiphunzitse ndiye," anatero. "Kunyumba kuja, chilichonse chimene ndingachite, mawa zimakhala zitaipirapo. Ndikungofuna chinthu chimodzi choti ndikachilimbikira chizisintha."

Munthu akakuuza choncho ungamukane bwanji? Sukulu yathu inali pabenchi pomwepo, mphindi khumi pa tsiku, utsi wa fodya uli m'maso. Ndinayamba ndi kudekha. Mwa maulendo khumi amene mwapatsidwa makadi, asanu ndi atatu tayani osawalirira, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka mpando: wolankhula pomaliza waona kale zimene anzake achita, ndiye angathe kulowa ndi makadi apakatikati, pomwe woyamba kulankhula alowe ndi abwino okhaokha. Kenaka kuyeza mulu wako, osati ndi maso, koma podzifunsa kuti ungalipire msonkho kangati. Ukatsala ndi wa misonkho khumi, zonyengerera zatha, taya makadi kapena kankhira zonse pakati. Ankalemba m'kabuku kothimbirira mafuta kamene kale ankalembamo manambala a zipangizo za makina.

Phunziro lomaliza linali la pachipata. Timatero pamene kwatsala munthu mmodzi yekha kuti atuluke, otsala onse alowe m'ndalama. Palibe amene amafuna kukhala munthu ameneyo, wosewera maola asanu n'kubwerera kwawo chimanjamanja anzake akuomba m'manja. Ndiye aliyense amakumbatira makobidi ake, ngakhale makadi abwino amawataya ndi mantha.

"Pamenepo ndiye polimba mtima, madala," ndinawauza. "Mukakankha zonse pachipata amakuthawani. Msonkho wawo mumangosesa."

"Pachipata pakepo ndidzafikapo liti ine?" anatero akuseka, koma analembabe.

Anali wophunzira wabwino, ndisaname. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akusaka waya umodzi woduka m'kati mwa makina amadziwa kuleza mtima, anangosowa womuuza kuti patebulo napo pamafunika zomwezo. Mwezi woyamba ankafika thuu koloko. Mwezi wachitatu, fili koloko. Skeeter anasiya kuwaitanira tebulo lake. "Lupe, wawadyetsa chiyani madalawa? Ayamba kuluma." Ine ndinkanyada zedi. Ndinkayang'ana wotchi ya pakhoma ngati mphunzitsi woona zotsatira za mayeso: lero afika teni pasiti fili, lero afika kota pasiti. Sindinaganizeko n'kamodzi komwe kuti kuluza msanga kuja ndi kumene kunkawafikitsa kunyumba nthawi yabwino.

Lachisanu lina mu Meyi anatuluka faifi tu folo, atatsala anthu khumi ndi asanu. Kuchoka kwathu kukafika kunyumba kwawo ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu pamsewu popanda chothina. Anapeza chitseko chili chitsegukire. A Noreen anakawapeza poimika magalimoto a sitolo ina, misewu itatu kuchokera kunyumba, opanda nsapato. Phula la kuno mu Meyi limatentha kale. Mapazi onse awiri anali matuza okhaokha, ndipo a kuchipatala anaimbira Darla.

Zimene Darla ananena anandiuza ndi a Wendell eni ake, mawu ndi mawu, ngati munthu wobwereza chigamulo cha khoti.

"Adadi, amayi ndawapezera kale malo ku Boise, kunyumba yosamalira okalamba. Mapepala ali m'chikwamamu. Sindikukuopsezani ayi. Amayi akadzapezekanso okha ngakhale kamodzi, ndidzabwera ndi galimoto."

"Kumeneko sakadya. Amadya ndikawapatsa ine."

"Ndiye khalani kunyumba muziwapatsa."

Milungu itatu sitinawaone. Atabwera anali ataonda, lamba atamuboola bowo lina.

"Ndayesa, Lupe," anatero pabenchi paja. "Masiku asanu ndi awiri pa mlungu m'nyumba muja. Ndayamba kuwakalipira. Dzulo ndinawakalipira chifukwa chotaya supu, iwo n'kumangondiyang'ana, osadziwa chimene alakwa. Ndikapanda kumatuluka ndidzasanduka munthu woipa."

"Nanga folo koloko?"

"Ndaiganizira. Hafu pasiti fili ikangokwana, ndizikankha zonse pakati ndi makadi alionse, osawayang'ana n'komwe. Wina andidye, ndizipita."

Ndinati ndi nzeru yabwino. Mundimve bwino, ine amene ndinawayankha kuti ndi nzeru yabwino. M'chipinda chathu mulibe lamulo loletsa munthu kudzuka. Ukadzuka, makobidi ako amatsala pamalo pako, msonkho n'kumawadya pang'onopang'ono mpaka atha, ndipo palibe amene angakugwire malaya. Milu yamasiye yotere ndaionapo, ya munthu amene wakomoka kapena amene apolisi adzamutenga. Koma munthu wabwinobwino, wa miyendo yake, kusiya mulu wamoyo n'kutuluka, pa zaka zonsezi sindinaonepo. Ndaona mwamuna wamkulu akukodza m'botolo pansi pa tebulo poopa kuphonya ulendo umodzi. Kwa ife njira yotulukira mu mpikisano ndi imodzi yokha, kudyedwa, ndipo ina ija sitiiganizirako n'komwe.

Nzeru ija inagwira ntchito kanayi. Hafu pasiti fili ankakankha, wina n'kuvomera, iwo n'kutola chipewa, faifi tu folo ali pakhonde akuthokoza a Ofelia. Anzawo anazolowera. Skeeter ankayang'ana wotchi n'kunena, "Abale, konzekani, nthawi ya chopereka yayandikira."

Ndiye linafika Lachiwiri lachiwiri la Julaye. Tsiku limenelo kunalowa gulu la alendo obwera ku ukwati, atakhuta mowa kuyambira m'mawa, ndipo anamwaza makobidi awo msangamsanga. Anthu anatha mofulumira kuposa masiku onse. Pomwe imati twente faifi pasiti fili, n'kuti kwatsala anthu khumi ndi awiri pamatebulo awiri. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wawo a Wendell anali pachipata.

Pachipata kapitawo wa mpikisano amalamula kuti matebulo aziyendera limodzi. Tebulo likamaliza ulendo limadikira linzake, kuti pasakhale wozengereza dala poyembekeza kuti wina afe kwina. Ulendo wa mphindi ziwiri umasanduka wa zisanu. Ife ogawa timasinthana matebulo theka la ola lililonse, ndipo hafu pasiti fili inandikhazika ine patebulo la a Wendell.

Anayang'ana wotchi, anandiyang'ana ine, n'kukankha mulu wawo ndi manja onse awiri, makadi ali chivundikire.

"Zonse."

Skeeter anasuzumira makadi ake, anapumira m'mwamba. Tsiku lina lililonse akanalumpha. "Madala, lero ayi. Ndakhala pano maola anayi ndi theka, sindifera pachipata." Anataya. Anataya onse. Ndinasesa msonkho n'kuukankhira kwa a Wendell.

Tinadikira tebulo linalo. Ndinagawanso.

"Zonse."

Anataya onse.

Ulendo wachitatu anayamba kuwachonderera. "Anthu inu, sindinayang'ane n'komwe. Onani, ali chivundikire."

"Amatero onse," anayankha mlendo wina wa chipewa chachikulu amene anali ndi mulu waukulu patebulopo.

"Ndithu, ndiyenera kupita. Skeeter, mphwanga, ndidye."

"Ndikudyeni ndi chiyani, mano ake ati? Chaka chatha munkatigawira nokha, lero mwaphunzira kuba ndiye mukulira?"

Tebulo lonse linaseka. Kapitawo anabwera n'kuwerama pakhutu pawo. "Bwana, kupempha mnzanu kuti akuvomereni sikuloledwa. Mukabwerezanso ndikuchotsani patebulo maulendo atatu."

A Wendell anasiya kupempha nthawi yomweyo, poopa kuchotsedwa patebulo.

Kota tu folo anakankha kachinayi, anathawidwanso. Mulu unangokulirakulira. Ine manja ankagwira ntchito okha, kusakaniza, kudula, kugawa. Wogawa salankhula za kunja kwa masewera. Ndife manja basi, ndipo kamera ya padenga imaona ngakhale nsidze zikagwedezeka.

Teni tu folo, mlendo wa chipewa uja anasuzumira makadi ake, anakhala tsonga. "Ndavomera," anatero, n'kugubuduza makwini awiri, makadi amphamvu ndithu.

A Wendell anadzuka. Anatulutsa makiyi a galimoto m'thumba, nkhope itamasuka ngati munthu amene wamutula katundu. Anatembenuza makadi awo, ndipo aka kanali koyamba kuwaona: eyiti ndi fili, zinyalala zenizeni. Akanyamuka pamenepo akanafika kota pasiti folo, ndipo a Ofelia mwina akanapirira.

Ndinayala makadi a pakati, amene aliyense amaphatikiza ndi ake awiri. Kingi, naini, fili. Khadi lachinayi, sikisi. Lomaliza ndinalitembenuza ndi dzanja langa lomweli, linali fili wina.

Chipinda chinaphulika. Skeeter anamenya tebulo. "Mafili atatu! Madala awa ndi mfiti!" Mlendo uja anatukwana m'chilankhulo cha kwawo. Ndinawerengetsa milu iwiriyo n'kukankhira pafupifupi zonse kwa a Wendell. Tsopano mulu wawo unali waukulu kuposa wa aliyense pamatebulo onse awiri, kutanthauza kuti panalibenso munthu amene akanatha kuwadya kamodzi. Anakhala pansi pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kuika makiyi pambali pa makobidi.

Folo koloko mnzanga anandigwira paphewa kuti tisinthane. Podutsa kumbuyo kwa mpando wawo ndinaswa lamulo, ndinawerama.

"Madala, folo koloko."

Sanatembenuke. Thukuta linali litanyowetsa kolala ngakhale m'chipindamo munkazizira.

"Ndikuyesetsa kuluza, Lupe. Sukuona? Ndikuyesetsa."

Ndinagwedeza mutu kuvomereza, n'kupita kokapuma. Ndinakhala pansi, ndinatsegula chakudya changa, ndikudziuza kuti koma munthuyu ali ndi tsoka, mwayi kumugwera tsiku lolakwika. Ndinadya theka la buledi ndisanazindikire kuti yankho lija silinali yankho, kuti chitseko cha chipinda chathu sichikiyidwa. Ndinathamanga kubwerera.

Ndinapeza anthu akuomba m'manja. Wina anali atadyedwa tebulo linalo, chipata chinali chitatseguka, otsala onse anali m'ndalama. Ndinaima pachingwe chotchingira oonerera n'kuitana, "A Wendell!" Anakweza chala chimodzi osacheuka. Sankakankhanso mwachimbulimbuli. Ankasuzumira makadi pakona, bwinobwino, monga ndinawaphunzitsira, n'kutaya oipa, n'kudikira mpando wabwino. Foni yawo inali chafufumimba pakatebulo ka zakumwa, ikunjenjemera yokha.

Ndinkafuna kuimbira munthu, koma ndani? Miyezi yonse ija pabenchi ndinkadziwa kuti amaopa kunamiza anzawo akakhala ndi makadi oipa, kuti akapeza abwino amakanda khutu, koma nambala ya a Ofelia sindinaifunsepo, ngakhale dzina la msewu wawo. Kapitawo anandikodola kuti nthawi yanga yatha, ndikagawe kumatebulo a ndalama kumapeto kwa chipinda. Ndinapita. Kuchokera kumeneko ndinkaona msana wawo wokha.

Anasewera bwino tsiku limenelo, ndipo zimenezi zimandiwawa kunena. Patebulo lomaliza sanalakwitse paliponse. Anafinya a milu yapakati, anapewa amene analibenso choluza, anamutulutsa Skeeter pa nambala faifi. Kota tu seveni anawina mpikisano wonse, koyamba pa zaka makumi asanu akusewera. Mwambo wake ndi wakuti wopambana amajambulidwa atanyamula makadi ake awiri omaliza, mulu uli patsogolo. Chithunzicho chilipo. Akumwetulira ndi pakamwa pokha.

A Ofelia anali ataimba katatu. Anapirira mpaka teni pasiti folo, basi yoyamba inawasiya, kenaka anakoka loko wa pamwamba pa chitseko amene a Noreen sankamufikira, n'kutulukira khomo la kugalaja. A Noreen anakoka mpando, n'kukwerapo, n'kutsegula.

Amene anawapeza hafu pasiti faifi anali mwamuna wina wopereka maphukusi, atagona m'mbali mwa mpanda pa msewu wina wakutali ndithu ndi kwawo. Tsiku limenelo kunja kunali kotentha moti chitsulo cha chitseko sichinkagwirika. Mkono ndi tsaya zimene zinagunda phula zinapsa mpaka kusupuka. Anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi, ndipo tsiku lachiwiri Darla anali atafika ndi galimoto.

A Wendell sanatsutse. Sutikesi analongedza okha. Analemba papepala mmene a Noreen amadyera: supuni yaing'ono, kuchokera kumanzere, supu yofunda chabe, osawafulumiza, akatembenuza mutu dikirani muyambirenso. Darla analandira pepalalo. Ndalama zimene anawina anafuna kumupatsa zothandizira ulendo, iye anaziika pamwamba pa firiji n'kutuluka. Ku Boise ndi ulendo wa maola khumi pagalimoto. A Wendell anapitako kamodzi mu Ogasiti, anabwerako osafuna kukamba zambiri. Anangoti akuwadyetsera m'paipi.

Mu Seputembala anayambiranso kubwera, tsopano masiku asanu pa mlungu, popeza kunyumba kulibe wowadikira. Amasewera bwino kwambiri. Mwezi uliwonse amafika patebulo lomaliza kawiri kapena katatu, ndipo anyamata a magalasi akuda amene amabwera kuno kudzadya okalamba amapempha kuti asawaike nawo limodzi. Skeeter sawaseka, amangoti, "Mwadzuka bwanji, madala," n'kuyang'ana kumbali. Ine ndinasiya kupita kubenchi kuja, ndinkakasutira kutsogolo. Ndinkachita manyazi, ndipo ndinkaopa kuti adzandifunsa chifukwa chimene ndinagwedezera mutu.

Anandipeza okha mu Okutobala, nthawi yopuma, nditabisala kuseri kwa mphika wa maluwa pakhomo lalikulu.

"Ukundithawa, mwana wanga."

"Ayi, madala, kuseri kuja kukununkha zinyalala."

Anaima pambali panga, dzanja lili pakhoma kuthandiza mawondo.

"Ndakhala ndikuliunika tsiku lija," anatero. "Usiku uliwonse. Ndapeza pamene ndinalakwitsa."

Ndinadikira.

"Pachipata munthu wofuna kutuluka sakankha yekha. Ukakankha amakuthawa, unandiuza wekha, ndinalemba. Ndinayenera kudikira wa chipewa uja athire, ine n'kuvomera ndi zinyalala. Kapena kuthira theka lokha, wina akabwezera ine n'kutaya makadi, kawiri katatu mulu ukanatha. Ndawerengera bwinobwino, Lupe. Ndikanatero, kota tu folo ndikanakhala ndili m'galimoto."

Ankalankhula modekha, ngati akufotokozera mwini nyumba chimene chinapha makina. Ndinazima fodya pakhoma.

"Madala, mukanangodzuka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye. Ankaoneka kuti akuyesetsa ndithu kumvetsa chimene ndanena.

"Kudzuka?" anatero. "Ndi mulu wonse uja?"

M'kati kapitawo analengeza kuti osewera abwerere m'malo mwawo. A Wendell anapukuta manja pathalauza n'kulowa, nanenso ndinawatsatira kukagawa.